Chitsime Chomwe Chinkameza Simenti

Moreni, 10 Okutobala 1993

Aglaia wanga,

Ndikhulupirira kalata ino ikupeza uli bwino, iwe ndi mwana wathu Ruxanda, ndiponso kuti bondo la amayi ako lasiya kuvuta. Ine kuno ndili bwino. Mlongo wako Axinte nayenso ali bwino, kudya kwake ndi komwe kuja, ndipo pakamwa pake sipatsekeka.

Pa siteshoni paja unati anthu azikufunsa kuti tapita kukatani. Uwauze kuti mafuta sitikukumba ayi, ife tikutseka zitsime. Mapiri akuno ndi obowokabowoka. Zitsime zambiri anakumba agogo a anthu akuno, mafuta ake anatha kalekale, koma mpweya woyaka uja umatulukabe pang'onopang'ono, m'minda, m'mabwalo a nyumba, pena m'zitsime zamadzi zomwe. Timafika ndi nsanja yathu ya palole, n'kutsitsa mapaipi olumikizalumikiza mpaka pansi penipeni, n'kupoperamo simenti yamadzimadzi. Ikafika pamalo pake timakweza mapaipi msanga isanawagwire, kenako timadikira kuti iume. Ikauma timatsitsanso paipi mosamala. Ikagunda pachinthu cholimba n'kukana kupitirira, tadziwa kuti chitsekerero chagwira. Timathira china pamwamba pake, china pamwambanso, mpaka kukamwa kwa chitsime. Ntchito yathu sitiiona ndi maso, timangoimva m'chitsulo.

Nthawi yodikirayo ndi imene ndimaikonda. Dzuwa likadali lofunda, ndiye ndimagona chagada pa udzu wouma n'kumayang'ana mapampu a kutsidya akuwerama ndi kudzuka ngati akavalo ali pamsipu. Kapitawo wathu, Nea Zamfir, mkulu wa ndevu zaimvi, akuti kalekale kuno kunali nyanja, ndipo mafutawa ndi zamoyo za m'nyanjamo zomwe zinakwiririka. Axinte anaseka, nati ndiye bwanji osangotsitsa mbedza. Koma ine ndikagona pamenepo ndimamva ngati udzu ukuyandama, ndipo pansi pa msana wanga pali madzi akuda, odekha, ndi nsomba zosadziwa dzuwa. Pena ndimakuona iweyo ukuyanika zovala pagombe lake. Ndimadzidzimuka mlongo wako akundigenda ndi timiyala.

Tikugona kwa mayi wina wamasiye, Tanti Safta. Chipinda n'chaukhondo ndipo mtengo wake ndi wabwino. Ndalama ndapatsira Costache woyendetsa lole, akhala akudutsa kwathuko Lachisanu. Ugule galasi la windo lija kuzizira kusanafike, ndi nsapato za Ruxanda, zokulirapo pang'ono. Nkhumba usaimane chimanga.

Axinte akuti uuze Catinca wake kuti ukwati ndi pambuyo pa Pasaka monga anapanganira, ndipo wamuonera kale mpango wina m'sitolo, wofiira, akungodikira malipiro.

Ndine mwamuna wako,
Ilarie

Moreni, 14 Novembala 1993

Aglaia wanga,

Kalata yako yafika pamodzi ndi tchizi ndi masokosi. Ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ndi kuti Ruxanda wayamba kuwerenga yekha. Ife tili bwino, kungoti manja ang'ambikang'ambika ndi simenti. Ndikupaka mafuta a nkhumba.

Chitsime chomwe tayamba chili pabwalo pomwe tikugona pano, kuseri kwa khitchini ya Tanti Safta. Sindinakuuze kuti mayiyu sagula nkhuni. Malemu mwamuna wake, amene ankagwira ntchito m'zitsime, analumikiza kapaipi kuchoka pakamwa pa chitsimecho kukafika pa mbaula, ndipo motowo wakhala ukuyaka kuyambira nthawi imeneyo. Ndi kamoto kabuluu, kopanda utsi, kosazima. M'mawa ndikalowa m'khitchini ndimapeza Tanti akukayankhula, kukauza za mitengo ya zinthu ndi za amene amwalira.

Vuto n'lakuti mpweya womwewo wapeza njira zina. Kumunsi kwa phiri kuli sukulu, ndipo m'chipinda chake chapansi mwayamba kununkha. Ana akuphunzirira m'tchalitchi.

Tsiku lomwe tinabwera ndi nsanja, Tanti anaima pachipata atagwira m'chiuno. Anamukumbutsa Nea Zamfir kuti anamuona akuthamanga wopanda kabudula m'msewu womwewu, ndiye lero wakula mpaka kudzamuzimitsira moto. Mkuluyo anavula chipewa n'kumafotokoza za ana a sukulu, maso ali pansi. Mlongo wako sakanatha kukhala chete.

"Tanti, musadandaule," anatero. "Nkhuni ndizikuwazirani ine, ndipo mukazizidwabe ndikukwatirani."

"Choka apa galu iwe. Tindevu takoto sitingakoleze ndi moto womwe."

Chipata anatsegula, koma msuzi wa tsiku limenelo munalibe nyama.

Tinapopa simenti yochuluka kuposa masiku onse, n'kudikira. Titatsitsa paipi, inadutsa pomwe inayenera kuima, ikungotsika, ikungotsika, osagunda kanthu. Injiniya wathu, mayi wachitsikana dzina lake Otilia, akuti pansipo pali mng'alu womwe ukumeza chilichonse. Tanti akuti ndi mwamuna wake, poti ali moyo sanakanepo chinthu chamadzimadzi.

Ine ndakhala ndikuiganizira simenti imeneyo. Ndimaiona ikuyenda yokha mumdima, kudutsa pansi pa tchalitchi, pansi pa manda, pansi pa mabedi a anthu, kufunafuna poti ikhale. Mwina ikafika kwathuko. Ukamva pansi pa nyumba pakufunda, udziwe kuti ndi moni wanga.

Axinte amuika pa pampu chifukwa ndi wachangu, ndipo amuwonjezera pang'ono malipiro. Zipangizo n'zokalamba, paipi ya labala ya pampuyo ili ndi zigamba kuposa buluku langa la kumunda, koma akuti yatsopano ili m'njira. Tiyesanso sabata ino.

Mapesi uwalowetse m'khola mvula isanawaonongere. Uwapatse moni amayi.

Ilarie wako

Ploiești, 12 Disembala 1993

Aglaia,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndili bwino. Pepa kuti ndakhala nthawi osalemba.

Pa Khirisimasi sitibwera. Chitsime chija sichinatsekeke, ndipo misewu yayamba kuipa. Nkhumba muphe tsiku lake lomwe lija, upemphe a Gavril oyandikana nafe adzakuthandizeni, uwapatse mwendo umodzi. Soseji yathu mutisungire pa utsi. Ndalama za mwezi uno zachepa, ndawonongako pa mabasi. Usadandaule nazo.

Axinte ali kuno ku Ploiești masiku ano. Akupereka moni. Sakulemba yekha chifukwa ukumudziwa ulesi wake ndi cholembera. Amayi ako akafunsa, uwauze kuti akudya bwino. Ine ndimabwera kudzamuona Lamulungu lililonse. Pa pampu paja pali ine tsopano, ndipo paipi yatsopano inafika.

Ndikulemba nditakhala pabenchi, m'khonde lalitali lam'kati, pafupi ndi windo. Chipale chofewa chayamba kugwa, choyamba cha chaka chino. Chikugwa mosafulumira, ngati chikuganiza kaye poti chitere. Kuseri kwa madenga kuli chumuni chachitali cha fakitale yoyenga mafuta, chili ndi lawi pamwamba, ndipo chipalecho chikafika pafupi ndi lawilo chimangosowa. Ndakhala ndikuyang'ana zimenezo kwa nthawi yaitali. Anthu akudutsa kumbuyo kwanga ndi nsapato zosamveka.

Dzana ndinalota tili tonse kudambo tikumweta udzu, iwe, ine ndi Axinte. Iye anali patsogolo monga mwa masiku onse, akuimba. Udzu unali wautali kuposa anthu, ndiye sitinkamuona, tinkangotsatira nyimboyo. Iwe unati tipume, dzuwa lakwera. Tinakhala pansi n'kumadya anyezi ndi tchizi, nyimbo ikumvekabe chapatali. Ndinadzuka ndili ndi njala.

Mpango wa Catinca ndagula ine, ndaupatsira Costache. Umupatse pa Khirisimasi. Ruxanda ndamugulira malalanje, aliyense adyeko.

Mukapita kutchalitchi muyatse kandulo ya amoyo, m'dzina la tonse awiri.

Ilarie

Moreni, 9 Januwale 1994

Aglaia wanga,

Kalata yako ndaiwerenga, ndipo mawu onse omwe wandinena ndawalandira. Ndikhulupirira amayi ako apezako bwino. Costache sindikumuimba mlandu, munthu sangayang'ane nkhope yako n'kunama nthawi yaitali. Axinte ndiye anandipempha kuti ndisanene mpaka madokotala atadziwa chenicheni. Tsopano ndikuuza zonse.

Linali Lachinayi, patangopita masiku ochepa chilembereni kalata ya Novembala ija. Tinkapopa kachiwiri. Muvi wa geji yoyezera mphamvu ya pampu unayamba kukwera, ndipo tonse tinakondwa poganiza kuti mng'alu wakhuta. Axinte anawerama kuti achepetse mphamvu ya pampu. Paipi ya labala ija inaphulika pachigamba, pafupi ndi nkhope yake. Magalasi oteteza maso anali atawakweza pachipumi chifukwa ankachita nthunzi. Sanakuwe. Anangokhala pansi m'matope, manja ali kumaso, n'kunena kuti, "Alamu, zimitsani pampu."

Simenti yaiwisi imawotcha ngati moto. Woyamba kufika anali Tanti Safta, ndowa ili m'manja. Anamugoneka pamiyendo pake, n'kumutsegula zikope ndi zala, ife tikuthamanga ndi madzi, iye akuthira osaleka, akumutukwana ndi kumupempherera nthawi imodzi. Anapitiriza kuthira m'galimoto mpaka kuchipatala.

Diso lamanja lapita, Aglaia. Lamanzere alichita opaleshoni ndipo alimanga. Akuti tidikire, sangalonjeze kanthu. Nkhope ikupola, zipsera zake si zoopsa.

Ukamuona ungadabwe, nthabwala sanasiye. Anamwino onse amawadziwa ndi mayendedwe awo, ndipo aliyense wamupatsa dzina. Akuti mumdimamo amaona mitundu ikuyenda, yobiriwira ndi yachikasu, ngati munda wa mpendadzuwa kukamawomba mphepo, ndipo pena amaiwala kuti maso ndi omanga. Ndikafika amayamba wafunsa za chitsime. Akuti ndisachoke chisanatsekeke, chifukwa sakufuna kuti diso lake likhale litapita pachabe.

Lamulungu lapitali anandituma mawu. Ndikulemba monga anayankhulira. "Mukauze Catinca kuti mpango asunge, koma ine asandidikire. Ndi mtsikana wabwino, asadzakhale ndodo ya munthu." Ndinamuuza kuti mawu otere ndi olemera kuwatumiza pa positi. Anati ndiye Aglaia akawanyamule, iyeyo ndi wamphamvu.

Ndiye ndakupatsira. Iwe ukudziwa bwino kuposa ine mmene amanenera zinthu zotere.

Usabwere pano, msewu wa kusiteshoni ndi woipa ndipo amayi akufunika munthu. Ndikumusamala. Ndimamumeta ndevu ndekha.

Ilarie wako

Moreni, 20 Febuluwale 1994

Aglaia wanga,

Moni kwa iwe, kwa Ruxanda ndi kwa amayi. Ndili bwino, chifuwa chomwe chinandigwira chatha. Axinte akadali womanga m'maso, amuchitanso opaleshoni ina yaing'ono. Za uthenga wa Catinca sunandiyankhe kanthu, ndipo iye akafunsa ndimangoti makalata akuchedwa ndi chipale.

Chitsime chatsekeka.

Otilia anati tisanathirenso simenti, mng'alu uja uyenera kudyetsedwa kaye zinthu zokhakhala zoti zikatsamwe m'mipata yake. Zomwe amagwiritsa ntchito kusitolo ya kampani kunalibe, koma iye anati makoko a mtedza wa m'mitengo, osinja bwino, amagwira ntchito yomweyo. Anayankhula zimenezi m'khitchini, akuwotha manja pa kamoto kaja. Tanti anali pomwepo, akumva. Kutacha tinapeza matumba a makoko pakhomo, omwe ankasungira mbaula ya kuchipinda. Kenako anavala chikhoti cha malemu mwamuna wake n'kuyenda khomo ndi khomo. Pofika Loweruka mudzi wonse unali ukusinja makoko, ena ndi nyundo, ena ndi miyala, aphunzitsi ndi abusa omwe. Phokoso lake linkamveka phiri lonse, ngati matalala padenga.

Tinawasakaniza ndi matope n'kupopera pansi. Madzi omwe kale ankangosowa anayamba kubwerera kumwamba. Pamenepo tinathira simenti. Pa pampu panali ine.

Kudikira kwa ulendo uno kunali kwina. Kunja kunali mbee, kopanda mphepo, ndipo palibe ankafuna kuyankhula mokweza, ngati m'nyumba muli khanda lomwe langogona kumene. Tanti anakanda ufa n'kuphika zitumbuwa za tchizi pa kamoto kake, zambiri zoti sitikanatha kumaliza. Masana a tsiku lachiwiri anandiitana m'khitchini. Lawi linali litafupika, likuphethiraphethira. Tinakhala pabenchi awiriwiri n'kumaliyang'ana. Linasanduka kamkanda kabuluu kozungulira pachitsulo, kenako kanaduka mbali imodzi, kenako panalibe kanthu. Tanti anadzilemba chizindikiro cha mtanda.

"Wagona tsopano," anatero. "Anali atatopa, kungoti sankanena."

Sindinafunse kuti akunena moto kapena mwamuna wake.

M'mawa mwake tinatsitsa paipi. Nea Zamfir anandiuza kuti ndiike dzanja pachitsulo. Inatsika, inatsika, kenako ndinamva kugunda kochokera kutali kwambiri, kofewa, ngati munthu wagogoda pachitseko cha nyumba ina. Tinaitsamiritsa kulemera konse, osasuntha. Tinaika kapaipi m'ndowa yamadzi kuti tione ngati mpweya ukutulukabe. Madzi anangoti zii, thovu ngakhale limodzi. Zitsekerero zapamwamba sizinavute. Ana abwerera m'sukulu mwawo.

Nkhuni zomwe mlongo wako analonjeza ndawaza ine, zadzaza khonde lonse. Tanti akuti ukwati wokhawo ndiye akudikirabe mwini wake.

Nditamuuza Axinte anandifunsa kuti kugundako kunamveka bwanji. Ndinatenga dzanja lake n'kugogoda pang'ono pachikhatho ndi chala. Anati ndibwerezenso.

Mbewu ya chimanga uyambe kufunsa mitengo, koma usagule ndisanakuuze.

Ilarie

Ploiești, 27 Marichi 1994

Aglaia wanga,

Ndikhulupirira muli bwino. Ife tili bwino, tonse atatu. Ndati atatu, ndipo ukudziwa chifukwa chake, mkazi wochenjera iwe. Ndinakutuma kukapereka mawu, iwe n'kukapereka ndalama ya sitima.

Ndinali m'chipindamo pomwe anafika. Ndinali nditangomaliza kumumeta ndevu. Chitseko chinatseguka, ndipo Catinca anaima pamenepo ndi chikwama ndi botolo la msuzi lokulunga m'thawulo, nsapato zili matope okhaokha. Axinte anapendeketsa mutu kumvetsera, nati mayendedwe awa si a namwino aliyense amene akumudziwa. Mtsikanayo atapereka moni, mlongo wako anatembenukira kukhoma n'kudzifunditsa bulangete mpaka kumutu. Anayankhulira m'bulangetemo kuti uthenga anatumiza, ndipo sanasinthe maganizo.

"Uthenga ndinaumva," anatero Catinca. "Aglaia anandiuza wonse, sanasiyeko liwu. Ndiye ndabwera kuti undiuze wekha, ukundiyang'ana."

"Ukudziwa kuti sindingathe kukuyang'ana."

"Basi ndidikira mpaka udzathe. Sendera uko, miyendo yanga yatupa."

Anakhala pabedi n'kuvula nsapato. Ine ndinatuluka kukaona ngati mabasi akuyenda. Pobwerera ndinapeza akumumwetsa msuzi, akukangana za mchere. Tanti Safta wamupatsa Catinca malo ogona kwake, ndipo awiriwa amakwera basi limodzi kudzamuona. Tanti amauza aliyense m'basimo kuti uyu ndi mkazi mnzake.

Lachiwiri anamumasula Axinte nsalu za m'maso. Dokotala anatseka makatani kaye, n'kumachotsa nsalu pang'onopang'ono. Diso la Axinte linayamba kutuluka misozi. Kenako anati akuona ngati munthu ali pansi pa madzi a mumtsinje n'kuyang'ana kumwamba. Nkhope sakuzizindikira, zilembo ayi. Koma kuwala akukuona, ndi chinthu chikamayenda, ndipo zoyera amaziona bwino ndithu. Analoza chovala cha dokotala, analoza pilo, analoza mpata wa katani. Dokotala akuti mwina ziwonjezekera pang'ono, mwina zikhala pomwepa. Catinca anapita kumsika tsiku lomwelo n'kukagula bulauzi yoyera. Tsopano akalowa, mlongo wako amatembenuza mutu n'kumutsatira chipinda chonse, ngati mwana akutsatira mwezi. Za uthenga uja sanazitchulenso. Dzulo ndinamumva akufunsa ngati oimba a paukwati a ku Dorohoi anawapeza kale ena pa sabata ya pambuyo pa Pasaka.

Mapepala a chipukuta misozi Nea Zamfir ndi Otilia asayina, akuti zitenga nthawi. Ine andipatsa masiku ochepa, kenako ndibwerera, kuli chitsime china m'munda wa mphesa kuseri kwa phiri. Tidzakambirana ndikafika.

Tinyamuka Lachisanu, tifika Loweruka ndi sitima ya masana. Upemphe ngolo ya a Gavril idzatichingamire. Uwakonzekeretse amayi kuti asadzalire mokweza, ndipo Ruxanda umuuze kuti amalume ake aziwadzera chakumanzere ndi kuyamba wayankhula asanawakhudze.

Chinthu chimodzi wandipempha, ndipo uchite Loweruka lisanafike. Ugule laimu woyera. Upake mitengo iwiri ya pachipata cha amayi, ndi miyala yonse ya m'mbali mwa kanjira, kuyambira pamsewu mpaka pakhomo, ndi mphuthu za chitseko zomwe. Upake mokhuthala. Akuti ngolo idzamutsitse pamsewu, ndipo pasadzapezeke womugwira dzanja. Akufuna kukalowa m'nyumba ya amayi ake yekha.

Ndine mwamuna wako,
Ilarie